Kodi vinyo woyera wa kumadera ozizira amayenda ndi ndiwo ziti za kuno ku Tete?

Wofunsa, wa ku Ulongwe:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pa Khirisimasi tidzalandira apongozi ochokera ku Moatize, ndipo ndagula mabotolo a Vinho Verde, vinyo woyera wa kumpoto kwa Portugal, chifukwa apongoziwo sakonda vinyo wofiira. Wogulitsa anandiuza kuti ndi vinyo wa kumalo ozizira, koma sanafotokoze ndiwo zimene amayenerana nazo. Mayi a kunyumba akufuna kuphika mbuzi ndi kachewere wa ku Tsangano, pamene ine ndikuganiza za nsomba. Tisankhe chiyani kuti alendo asangalale?

Mayi a ku Songo:

Bambo, sankhani nsomba mosakayika. Vinyo ameneyu amachokera kuchigawo cha Minho, kumene mphepo ya kunyanja ya Atlantic imabweretsa mvula yambiri ndi kuzizira, choncho mphesa zimapsa pang'onopang'ono, sizichuluka shuga, ndipo zimasunga kuwawasa kwake. N'chifukwa chake ukali wa mowa umakhala wochepa, kawirikawiri pakati pa 9 ndi 11 peresenti, ndipo mukamwa mumamva ngati mwafinyira ndimu m'kamwa. Kuwawasa kumeneku ndi kumene kumachotsa mafuta pa lilime. Tengani pende wamuwisi wa mu Zambezi kapena wa ku Cahora Bassa, mumucheke m'mbali, mumupake adyo ndi mchere, kenako mumuwotche pa makala mpaka khungu lichite kukhakhala koma mnofu ukadali wofewa. Kapenta wokazinga mpaka kuuma, wodya poyembekezera nsima, amayendanso bwino kwambiri, pakuti mchere umaziziritsa kuwawasa n'kutulutsa kafungo ka zipatso. Chicoa yekha, nsomba youmitsa ndi mchere ija, ndiye muyambe mwamuviika m'madzi, apo ayi mchere wake ukwirira kukoma konse kwa vinyoyo.

Bambo a mumzinda wa Tete:

Ndikugwirizana ndi mayiwa, koma ndikupempha kuti maganizo a akunyumba kwanu musawataye, chifukwa mbuzi ya ku Tete ndi ndiwo yolemekezera mlendo. Vuto lili pa kaphikidwe. Mbuzi ya msuzi wokhathamira wa tomato ndi anyezi imamulemera vinyo wopepuka chotere, moti amangomveka ngati madzi owawasa. Mukaiwotcha m'tizidutswa, n'kuthira ndimu ndi tsabola pang'ono, vinyoyu akhoza kupirira, makamaka mukapeza Vinho Verde wa mphesa za Alvarinho za ku Monção ndi Melgaço, ku Minho komweko, amene amamveka wolemererapo m'kamwa komanso amakhala ndi ukali woposa anzake. Ngati ameneyo sakupezeka, vinyo woyera wotchedwa Sauvignon Blanc wa ku Elgin, chigwa chokwera cha kufupi ndi Cape Town chimene chimadziwikanso ndi maapozi, angagwire ntchitoyo. Pa nkhuku ya piripiri bwererani kwa Vinho Verde wopepuka uja, popeza mowa waukali umawonjezera moto wa tsabola, pamene kashuga kochepa kamene kamatsala m'mabotolo ambiri kamautonthoza.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kutentha. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndipo botolo limene lakhalitsa pa shelefu yowombedwa ndi dzuwa limakhala litafa kale. Inu a ku Angonia muli ndi mwayi wa nyengo yozizira, komabe yang'anani mtundu wake: ukakhala wotuwa mobiriwira ali bwino, ukayamba kudera ngati tiyi musawapatse alendo. Pomwa akhale pa madigiri 8 mpaka 10, ndipo musaponye madzi oundana m'tambula chifukwa amamusungunula.

Mayi a ku Songo:

Ndiwonjezere za masamba. Chigwada kapena nkhwani zotendera zimalemera ndi nsinjiro, ndipo vinyo wowawasa amazipeputsa bwino, koma therere lothira soda musaliyike pafupi naye, pakuti soda amapha kuwawasa n'kusiya kakomedwe ka sopo. Kachewere uja mumukazinge, adyedwe ndi pende.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri, mayi ndi bambo. Tagwirizana kuti masana tidzayamba ndi kapenta, kenako pende wowotcha ndi kachewere, ndipo mbuzi idzawotchedwa madzulo. Mabotolo ndawachotsa kale pawindo n'kuwaika kuchipinda kozizira. Ngati alipo wina amene anaonapo Alvarinho m'masitolo a mumzinda wa Tete, chonde andiuze ndisanatume mwana kumeneko.