Benz 280E ya K-Jetronic ikutulutsa utsi wakuda ikatentha

Makaniko wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pagalaja panga pali Mercedes-Benz 280E ya W123, ya injini ya M110 ya masilinda 6, imene inakhala zaka ziwiri osayenda. Ndinatsuka thanki chifukwa munali dzimbiri, ndinasintha fyuluta ya petulo ndi mapulagi, ndipo m'mawa imalira kamodzi kokha osavuta. Vuto limayamba injini ikatentha, pakuti imatulutsa utsi wakuda, imamwa mafuta kwambiri, ndipo ndikazula pulagi ndimaipeza yakuda ndi mwaye wouma woti ukaukhudza umatsalira pachala. Ndikaizimitsa kwa mphindi khumi, imavutanso kulira. Ndabweza sikuluu ya CO, yosinthira kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini, pang'ono kuti mafuta achepe. Utsi wachepa ndithu, koma tsopano m'mawa ikungozima.

Mmisiri wa ku Kanengo:
Achimwene, choyamba bwezerani sikuluuyo pamene inali, ngati mukukumbukira mmene munaitembenuzira. Pa K-Jetronic, sisitimu yopopera petulo ya pa galimoto yanuyi, imene kampani ya Bosch inayamba kuiika pa galimoto mu 1973, mulibe kompyuta yoyeza mafuta. Mpweya wolowa umakankha kambale kamene kali kukhosi kwa injini, kambaleko kamakweza kapisitoni ka mu fuel distributor, chipangizo chogawa petulo ku mainjekita, ndipo mainjekita amapopera mosalekeza injini ikamalira. Chimene chimaletsa kapisitoni kukwera mopitirira ndi presha imene timaitcha control pressure, yochokera ku warm-up regulator, kachipangizo kosintha presha malinga ndi kutentha. Presha imeneyi ikakhala yotsika, mafuta amachuluka, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira injini ikadali yozizira. Ikatentha, presha iyenera kukwera kuti mafuta achepe. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti yanuyo sikukwera, choncho pobweza sikuluu mwangobisa vuto la injini yotentha n'kulanda mafuta amene injini yozizira imafuna.

Mangani geji pakati pa fuel distributor ndi warm-up regulator, valavu ya gejiyo ikhale mbali ya regulator. Mukatseka valavu muwerenga presha ya sisitimu yonse, imene iyenera kupitirira pang'ono 5 bar. Mukaitsegula muwerenga control pressure, ndipo injini itatentha bwino, paipi ya vacuum ili m'malo mwake, muyembekezere pakati pa 3.4 ndi 3.8 bar. Tiuzeni manambala amene mupeze.

Makaniko wa ku Luwinga:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Kanengo, koma musaiwalenso cold-start valve. Imeneyi imayenera kupopera kwa masekondi ochepa chabe pamene sitata ikuzungulira injini yozizira, ndipo ikamadontha imadetsa mapulagi chimodzimodzi. Ichotseni, muiloze m'botolo, muyatse pampu, ndipo mlomo wake ukhale wouma. Pamene pampu ikuyenda injini ili chete, musakankhe kambale ka mpweya, chifukwa mainjekita onse adzatsanulira petulo m'masilinda.

Makaniko wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Geji ndabwereka kwa mnzanga ndipo ndayeza. Presha ya sisitimu ili pa 5.3 bar. Control pressure inayamba yotsika m'mawa monga munanenera, koma patapita mphindi 20 injini ikulira inangofika pa 2.4 bar n'kuima pomwepo. Cold-start valve ndi youma. Nditazimitsa injini, muvi wa geji unatsika mpaka pa ziro pasanathe mphindi zisanu. Kodi ndiitanitse regulator ina ku South Africa?

Mmisiri wa ku Kanengo:
Musafulumire kuitanitsa, chifukwa manambala anuwa akuloza mavuto awiri osiyana, ndipo lina likhoza kukhala kunja kwa regulator. M'kati mwake muli kachitsulo kamene kamapindika kakatenthedwa ndi magetsi, ndipo kupindikako ndi kumene kumakweza presha. Ngati magetsi sakufika, kachitsuloko kamangodalira kutentha kwa injini, ndiye presha imakwera mochedwa kapena imalekera panjira. Yezani ngati pa pulagi ya regulator pakufika 12 volts injini ikulira, kenako muyeze ndi mita ngati koyilo ya m'katimo sinaduke. Komanso, regulator ya pa injini imeneyi ili ndi paipi ya vacuum, imene inaikidwa kuti presha izitsika dalaivala akaponda moto wonse. Paipiyo ikang'ambika, regulator imachita ngati mwaponda moto nthawi zonse. Pa galimoto ya zaka zoposa 35 mphira umakhala utauma, ndipo mng'alu sumaoneka kufikira mutaipinda paipiyo ndi zala.

Vuto lachiwiri, kugwa kwa presha mukazimitsa, ndi kumene kukuchititsa kuti ivute kulira ikatentha, pakuti petulo wa m'mapaipi amasanduka nthunzi presha ikatha. Ntchito yosunga presha ndi ya accumulator ndi check valve ya pa pampu, zonse zili pansi pafupi ndi thanki. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa, choncho dzimbiri limene munalipeza m'thanki silinandidabwitse, ndipo n'kutheka kuti lina linafika pa check valve. Fyuluta muisinthenso galimoto ikayendako pang'ono.

Makaniko wa ku Ndirande:
Bambo, munanena zoona. Pa pulagi ya regulator panalibe magetsi, waya unali utadukira m'kati mwa chikutiro chake pafupi ndi pulagiyo, ndipo kunja unkaoneka wabwinobwino. Paipi ya vacuum nayonso inali ndi mng'alu kunsi kwake. Nditalumikiza waya n'kusintha paipi, control pressure ikufika pa 3.6 bar m'mphindi zochepa ndipo utsi wakuda watha. Accumulator ndinaipeza ikutuluka petulo kumbuyo kwake, ndipo ndaika ina. Tsopano presha ikukhalabe patapita theka la ola, ndipo injini yotentha ikulira kamodzi. Chatsala ndi sikuluu ija imene ndinaisokoneza.

Mmisiri wa ku Kanengo:
Imeneyo muikonze injini itatentha bwino, mutatsimikiza kaye kuti taimingi ili pamalo pake, ndipo ngati n'kotheka mukhale ndi makina oyezera mpweya wa CO kupaipi ya utsi. Gwiritsani Allen key yaitali ya 3 mm. Kutembenuzira kumanja kumaonjezera mafuta, kumanzere kumachepetsa. Muzisuntha pang'ono kwambiri nthawi iliyonse, osatsamira kiyiyo, ndipo muziichotsa musanaponde moto kuti isapinditse mkono wa kambale. Mulingo wa CO wa chaka cha galimoto yanu muutenge m'buku la Mercedes. Ikayenda makilomita 50, zulani mapulagi onse 6 muwayale motsatana pabenchi. Ngati imodzi yokha ndi yakuda pamene zinazo zili zofiirira, muyeze injekita ya silinda imeneyo.