Pansori ndi okestra: atsogolere ndani, gosu kapena kondakitala?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tikukonza sewero lophatikiza pansori ya ku Korea (nthano yoyimbidwa ndi munthu mmodzi, ng'oma ikumuperekeza) ndi opera. Pali sorikkun (woyimba pansori) mmodzi, gosu (woyimba ng'oma) ndi ng'oma yake ya buk, soprano (woyimba opera wa mawu okwera) ndi okestra yaing'ono. Tikafika pa jinyangjo, kayimbidwe ka ng'oma komwe nyimbo imayenda pang'onopang'ono, woyimba ndi okestra akumasemphana. Mavayolini akakweza, mawu ake akumamira. Tiyambire pati?

Wopeka nyimbo: Ndikuganiza kuti munayamba ndi kulemba manotsi a okestra. Tembenuzani. Mu changgeuk, sewero la pansori la oyimba ambiri, katswiri wa pansori ndiye amayamba kuumba nyimbo pa mawu a sewero, ntchito yotchedwa jakchang. Pa Trojan Women ya National Changgeuk Company of Korea mu 2016, ntchitoyi anagwira Ahn Sook-sun, nyimbo zina n'kupeka Jung Jae-il. Jambulani kaye sorikkun ndi gosu awiri okha, okestra muilembere mukumvera zimenezo. Ndipo mavayolini asayimbe limodzi ndi sorikkun mzere womwewo. Mu gyemyeonjo, kayimbidwe kachisoni ka pansori, noti ina imanjenjemera, ina imathyoka n'kutsetserekera pansi, pakati pa makiyi a piyano. Vayolini ikaima pa noti yowongoka, omvera amayesa woyimba waphonya. Patsani cello, chivayolini chachikulu cha mawu apansi, noti yaitali yapansi, basi.

Woyimba ng'oma: Jinyangjo ili ndi kugunda 24, m'magawo anayi a 6. Koma gosu samangowerenga ayi, amatsata mpweya wa woyimba: akakoka mawu, ng'oma imadikira. Ndiye kondakitala aime poti azimuona gosu, atengere kwa iye. Pa jungmori, kayimbidwe kena kofulumirako, kugunda ndi 12, ndodo imamenya mwamphamvu pa kugunda kwa 9. Okestra ikazolowera kutsindika koyamba kokha imaphwanya zonse. Chongani pamenepo m'mapepala a aliyense.

Wofunsa: Nanga soprano akalowa, gosu azitsogolerabe?

Wopeka nyimbo: Ayi, apo kondakitala atenge chiwongolero. Mungogwirizana malo enieni opatsirana, makamaka pothera jangdan (mzungulo umodzi wathunthu wa ng'oma), osati pakati.

Wa zokuzira mawu: Za kumirazo, sorikkun mpatseni maikolofoni ya pamutu. Soprano anaphunzira kuboola okestra ndi mawu, pansori inakulira pa ng'oma imodzi. Soprano asayese kutsanzira kusasa kwa mawu a sorikkun, adzapweteka kukhosi. Pa aniri, pamene sorikkun akungofotokoza nkhani, okestra ikhale chete. Musiyenso mpata woti gosu aponye chuimsae, mawu olimbikitsa woyimba monga "eolssigu!" kapena "jota!", ndipo nayenso muikireni kamaikolofoni kake pafupi ndi pakamwa, kosiyana ndi ka ng'oma.