Zothamangitsana zitatu, koma oonera ali pa foni

Edita wa ku Zomba: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikudula filimu ya mphindi 94. M'filimumo, kalaliki wa ku akaunti wapeza mavaucha abodza, ngati zija za Cashgate mu 2013, ndiye mabwana akufuna kumutseka pakamwa. Dayirekita anajambula zothamangitsana zitatu, ziwiri za galimoto, china cha kabaza mumsika. Loweruka tinaonetsa anthu 12. Pothamangitsana pomwepo m'pamene anthu anatulutsa mafoni. Mafuta onse aja!

Mlembi wa skiripiti: Achimwene, funso limodzi. Pali chimene woonera akudziwa koma kalalikiyo sakuchidziwa?

Edita wa ku Zomba: Palibe, asisi. Zoti mnzake wa muofesi ndiye akumugulitsa zikuululika pa mphindi 80.

Mlembi wa skiripiti: Matenda ndi amenewo. Hitchcock, dayirekita wotchuka wa mafilimu uja, ankapereka chitsanzo cha bomba pansi pa tebulo: likaphulika mwadzidzidzi, anthu adzidzimuka kamphindi basi. Koma mukawaonetsa bombalo kaye, ngakhale anthu okhala pa tebulopo azicheza zopanda pake, woonera mtima uli m'mwamba mpaka mapeto. Kokerani kuululikako ku mphindi 25. Kenako kalaliki akamadya nsima ndi mnzakeyo n'kumamuuza komwe wabisa flash ya umboni, anthu azikuwa okha kuti "khala chete iwe!"

Wakamera: Ndikuvomereza, koma musazidule zonse. Anthu athu akalipira pakhomo amafunako fumbi. Siyani ya kabaza, imeneyo ndi yathuyathu, ndipo mumsika galimoto ya mabwana singalowe, ndiye pali nzeru. Za galimoto zija tinazionera kale kwina, zojambulidwa ndi ndalama zomwe ife sitidzazigwira.

Mkulu wa sawundi: Ana inu, kaonereni All the President's Men ya 1976. Mtolankhani akungokumana ndi munthu usiku kumalo koimika magalimoto, phokoso laling'ono chabe kumuchititsa kucheuka. Pa inu, chotsani nyimbo pamene kalaliki watsala yekha muofesi usiku. Kutsale fani, fotokope, ndi mapazi a mlonda pakhonde. Mapaziwo aime pachitseko.

Edita wa ku Zomba: Zikomo madala. Vuto latsala ndi dayirekita, galimoto inaphwanyika galasi ija inali ya alamu ake.

Wakamera: Dulani filimuyo kawiri, mmene iye akufunira ndi mmene inu mukufunira. Muitane anthu ena 12, iyeyo akhale kumbuyo aziwerenga mafoni akamayaka.