Makapisozi a njere za cassia: kodi ndi ofanana ndi tiyi wake?

Nachisale:
Mayi anga, omwe ali ndi zaka 67 ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, apatsidwa ndi wachibale botolo la makapisozi lolembedwa kuti cassia seed extract 10:1, ndipo awuzidwa kuti amathandiza maso komanso kutsitsa mafuta m'magazi. Atamwa masiku anayi, m'mimba mwawo munayamba kupotokola ndipo akupita kuchimbudzi pafupipafupi. Kodi cassia ameneyu ndi sinamoni yemwe timamudziwa uja, ndipo kodi apitirize kumwa?

Wazomera:
Mayi Nachisale, si sinamoni ayi, ngakhale kuti dzinali lasokoneza anthu ambiri. Sinamoni wotchedwa cassia ndi khungwa la mtengo wa Cinnamomum cassia, pomwe njere zomwe mukunenazi zimachokera ku zomera ziwiri za m'banja la nyemba, Senna obtusifolia ndi Senna tora, zomwe kale zinkawerengedwa m'gulu la Cassia mpaka akatswiri a zomera atazisamutsira m'gulu la Senna mu 1982, koma amalonda anangokakamira dzina lakalelo. Njerezo ndi zazing'ono ngati mpunga wofupika, zolimba, zonyezimira, zofiirira, ndipo nsonga zake zimaoneka ngati zadulidwa mopendekera. Ku China amazitcha jue ming zi, ndipo asing'anga akumeneko akhala akuzipereka kwa zaka mazana ambiri kwa odwala maso ofiira ndi odzimbidwa. Ku Korea ndi ku Japan amazikazinga n'kuziwiritsa ngati tiyi.

Mlongoti:
Chomwe chikuvutitsa mayi anuwo chili m'njere momwemo. Muli mankhwala a gulu la anthraquinone, monga chrysophanol, emodin ndi aurantio-obtusin, omwe amatakasa matumbo aakulu kuti azikankha chimbudzi mofulumira, ndipo ndi a gulu lomwelo ndi omwe ali m'masamba a senna ogulitsidwa kwa anthu odzimbidwa. Apa ndi pomwe tiyi ndi kapisozi zimasiyanirana. Buku la boma la mankhwala ku China limanena magalamu 9 mpaka 15 a njere, ndipo kukazinga kumachepetsa mphamvu yotsekula m'mimba, n'chifukwa chake tiyi uja amamwedwa popanda vuto ndi anthu ambiri. Koma 10:1 yomwe mwaiwerengayo ikutanthauza kuti makilogalamu 10 a njere atulutsa kilogalamu imodzi ya ufa, ndipo nambalayo payokha sikuuzani ngati njerezo zinakazingidwa, ngati anagwiritsa ntchito madzi kapena mowa posungunula, kapena kuchuluka kwa anthraquinone m'kapisozi iliyonse. Mabotolo awiri olembedwa mofanana akhoza kukhala ndi mphamvu zosiyana kotheratu.

Kwa munthu wachikulire, nkhawa yanga yaikulu ndi potaziyamu. Kutsekula m'mimba kwa masiku angapo kumataya madzi ndi mchere umenewu, ndipo ngati mankhwala awo a magazi ndi aja okodzetsa, omwe ena mwa iwo amatayitsanso potaziyamu, mtima ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka. Ndikadakhala ine ndikadawaleketsa lero lomwe, n'kupita nalo botololo kwa dokotala pamodzi ndi mankhwala awo onse.

Wazomera:
Ndikugwirizana nanu, bambo Mlongoti. Ndiwonjezere kuti zonena za mafuta m'magazi zatsamira kwambiri pa kafukufuku wa pa makoswe ndi wa m'malabotale, zomwe sizikwanira kuti munthu adalire kapisozi m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Mu 2018 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linanena kuti silingathe kutchula mlingo wosaopsa wa tsiku ndi tsiku wa mankhwala a gulu la anthraquinone lija, emodin ali momwemo. Palinso chomera chachibale, Senna occidentalis, chomwe njere zake zosaphika zinagwirizanitsidwa ndi imfa za ana kumpoto kwa India, choncho botolo losatchula dzina la sayansi la chomeracho ine sindilikhulupirira.

Nachisale:
Zikomo nonse. Ndaliyang'ananso botololo mozungulira, ndipo dzina la sayansi palibe, pangolembedwa cassia basi. Mayi asiya kumwa, ndipo mawa m'mawa tipita nalo kuchipatala.