Ulendo wa kumidzi ya ku Italy ndi amayi, nanga nsima?

NaPhiri wa ku Leeds:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi akubwera kuchokera ku Dedza kudzacheza nafe kuno ku UK, ndipo mu Okutobala ana akatsekera sukulu tikufuna tonse asanu tikaone kumidzi ya ku Italy. M'mizinda ayi, phokoso amayi salifuna. Iwo ndi mlimi, mtima wawo uli poona minda ya anzawo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tsiku likatha osalawa nsima amati agona ndi njala, ngakhale atadya mpunga mbale yodzaza. Tilowere kuti?

Bambo a Chisomo:
Mayi, lowerani kumpoto, chigawo cha Veneto. Ife tinagona masiku 4 pa agriturismo ina kufupi ndi Treviso. Imeneyi ndi famu yolandira alendo, ndipo zambiri zimene mumadya zimachokera m'munda momwemo. Usiku woyamba agogo a pakhomopo anatulukira ndi thabwa lalikulu, pamwamba pake chinthu choyera chikufuka nthunzi. Mkazi wanga anagwira pakamwa. Polenta! Ufa wa chimanga choyera, wovundulidwa ndi mthiko mumphika wamkuwa nthawi yaitali, kenako amaidula ndi ulusi. Imasiyana ndi yathu chifukwa amathiramo mchere, komanso ndi yofewerapo. Ndiwo inali nkhuku ya msuzi ndi bowa. Mkazi wanga anakasamba m'manja n'kuyamba kutema mbamu. Agogowo anamuyang'ana, anaika foloko yawo pansi, n'kuyesa nawo. Chinenero sitinkamvana, koma tinakhala patebulo paja mpaka usiku kwambiri. Amayi anu kumeneko sakagona ndi njala.

Anachisale:
Ine ndikuti Tuscany, dera la Val d'Orcia cha ku Pienza, makamaka poti amayi ndi mlimi. Kumapeto kwa Okutobala amayamba kukolola maolivi. Amayala maukonde pansi pa mitengo, banja lonse lili m'munda, monga zimakhalira kwathu pokolola chimanga. Mwini famu amene tinafikira anatitsanulira mafuta atsopano pa buledi wootcha, obiriwira, oyabwa kukhosi. Mudziwiretu kuti buledi wa kumeneko alibe mchere. Ribollita, supu ya nyemba, masamba ndi buledi wogona, amayi akaikonda chifukwa ikufanana ndi nyemba ndi mpiru zathu. Ingofunani nyumba yokhala ndi khitchini, ufa wa chimanga m'mashopu ulimo.

Malume Jere:
Musanafike pa chakudya, mapepala kaye. Viza ya ku UK siloleza munthu kulowa ku Italy. Ndi pasipoti ya Malawi amayi akufunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, ndipo imafunsidwa m'dziko limene munthu amakhala, choncho aikonze asananyamuke kumudzi. Mukabwereka galimoto, kumbukirani kuti amayenda kumanja. Mukaona chikwangwani cholembedwa ZTL, choletsa galimoto zopanda chilolezo, polowa m'tauni yakale, imikani kunja muyende wapansi. Ine chindapusa chinanditsatira kunyumba patapita miyezi. Komanso malo odyera ambiri akumidzi amatseka masana akapendeka, n'kudzatsegula cha m'ma 7 madzulo, ndiye ana muziwanyamulira kakamba.

NaPhiri wa ku Leeds:
Zikomo nonse. Za viza sindinkadziwa n'komwe, malume mwatipulumutsa. Amayi ndawaimbira, ndawauza za agogo a ku Treviso aja. Akuti awatengera mthiko watsopano wa ku Dedza.