Kodi pali mod (kapulogalamu kosinthira gemu) yoti anthu a mu Skyrim azikumbukira zimene wachita?

Anzanga okonda magemu kuno ku Lilongwe, ndithandizeni nzeru. Gemu ya Skyrim inatuluka mu 2011, kampani yoipanga ya Bethesda n'kulengeza gemu yotsatira, The Elder Scrolls VI, mu 2018, koma tikudikirabe. Chimene chimandibowa n'chakuti dziko la mu Skyrim silisintha kwenikweni. Wapha zinjoka, wakhala mkulu wa sukulu ya matsenga ku Winterhold, koma alonda a ku Whiterun nthawi zambiri amakuyankhulabe ngati munthu wamba. Ine ndikufuna anthu osunga chakukhosi ukawalakwira, komanso mitengo pamsika izikwera nkhondo ikavuta.

Alipo akudziwa mod yotere, yosalemera pa laputopu ya RAM ya 8GB komanso yosatha bandulo? Nanga kudzipangira wekha matsenga ngati mu gemu yakale ya Oblivion, inu mukufuna kudzabwerere mu The Elder Scrolls VI?