"Will" kapena "going to"? Alendo akundizunguza mutu

Chikondi_wa_kunyanja

Moni nonse. Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Cape Maclear, ndipo Chingerezi changa ndi cha kusekondale basi. Kusukulu tinkangodziwa kuti zam'tsogolo ndi "will", nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tamverani zimene ndimamva patebulo limodzi lomwelo. Ndikapereka menyu, bambo amayang'ana pang'ono n'kunena kuti "I'll have the chambo." Pocheza amati "We're going to climb Mulanje next week." Mayi n'kuwonjezera kuti "We're meeting our guide at Likhubula on Monday." Akamafunsa za sitima amati "The Ilala leaves on Friday, right?" Zonsezi n'zam'tsogolo, koma njira zake zinayi! Kodi amangotola iliyonse yomwe yabwera pakamwa, kapena pali lamulo? Ndine amene ndimauza alendo za boti lopita ku chilumba cha Thumbi, ndiye ndikufuna ndiziyankhula zolongosoka. Aphunzitsi muli muno, tithandizeni.

Gogo_Chalk

Achimwene, satola mwachisawawa ayi. Musanatsegule pakamwa dzifunseni kuti: maganizo amenewa ndawapanga liti?

Bambo aja asanaone menyu sankadziwa kuti adya chambo. Aganiza pomwepo, inu muli chiimire ndi kabuku m'manja. Pamenepo ndi pa "will". N'chimodzimodzi foni ikalira wina n'kunena kuti "I'll get it", kapena mukadzipereka kunyamulira mlendo chikwama: "I'll carry that for you." Malonjezo nawonso amayenda ndi "will".

Za Mulanje zija anaziganiza kale, mwina ali kwawo. Akungokuuzani zomwe zili kale mumtima. Apo ndi pa "going to".

Ya mayi ija yapitirira pamenepo. Munthu wowaperekeza kuphiri anapangana naye kale, tsiku analikhazikitsa, malo okumanira akudziwika. Zinthu zikafika pokhudza munthu wina, tikiti kapena ndalama yolipiriratu, Angerezi amakonda "We're meeting", "We're flying", "I'm seeing the doctor". Pomwe sitima, basi, ndege ndi mayeso zili ndi ndandanda yake yomwe si inu munaikonza, n'chifukwa chake "The Ilala leaves on Friday."

Chimene chimatipunthwitsa ife n'chakuti m'Chichewa timayang'ana kutalika kwa nthawi: "ndipita" ndi za lero lomwe, "ndidzapita" ndi za mawa kapena mtsogolo. Ndiye ana ambiri amaganiza kuti "going to" ndi zapafupi, "will" zakutali. Ayi ndithu. "I'm going to retire in 2040" ndi Chingerezi chabwinobwino, pomwe "I'll get it" ikunena za sekondi ino.

NamwinoWakuLeeds

Agogo afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za pantchito, poti kuwodi kuno timazigwiritsa ntchito tsiku lonse.

Achimwene Chikondi, mlendo akati alibe supuni, yankho ndi "I'll bring one now." Mukati "I'm going to bring one" zimamveka ngati munadziwa kale kuti supuni palibe koma munangokhala. Komanso muzifupikitsa. Anthu kuno amati "I'll", osati "I will" yathunthu. Mukaitchula yonse mokweza zimakhala ngati mukukangana ndi munthu amene akukukayikirani.

China, musadzivutitse kwambiri kusiyanitsa "I'm going to see my sister on Sunday" ndi "I'm seeing my sister on Sunday." Nthawi zambiri zonse ziwiri zimalowa, palibe angakudzudzuleni. Kusiyana kumaoneka ngati palibe chomwe mwapangana ndi aliyense. "I'm going to learn French one day" ili bwino, koma "I'm learning French one day" siyikumveka.

"Shall" musayitaye. Pofunsa mwaulemu ngati muthandize imagwira ntchito kwambiri: "Shall I clear the table?" Koma "gonna" ija, chidule cha "going to", muzingoimva kwa alendo, musakailembe m'kalata yofunsira ntchito.

Mavuto265

Inetu ndikuona ngati mukuzikulitsa. Ine ndimangoti "will" paliponse ndipo sindinasowepo chomwe ndikufuna. Mzungu amamva.

Gogo_Chalk

Kumva amamvadi, a Mavuto, sindikukana. Koma amamvanso zina zomwe simunafune kunena. Bwana akakufunsani kuti nkhani ya jenereta yowonongeka ili pati, inu n'kuyankha "I'll call the mechanic", mwamuuza kuti mwangoikumbukira panopa chifukwa wafunsa. Mukati "I'm going to call the mechanic after lunch" akudziwa kuti munali nayo kale m'mutu. Mukati "The mechanic is coming at two", ndiye kuti munaimba kale foni. Mayankho atatuwa sangakupatseni ulemu wofanana pantchito.

Ndipo pali malo ena pomwe "will" ndi yolakwika basi, ngakhale pa mayeso a MSCE amakuchotserani malikisi. Pambuyo pa "when", "if", "before", "until" ndi "as soon as" simuika "will" ponena zam'tsogolo, ngati mawuwa akusonyeza nthawi kapena chinthu choyenera kuchitika kaye. Timati "I'll call you when the boat arrives", osati "when the boat will arrive".

Poti muli kunyanja, a Chikondi, tengani iyinso ya kulosera. Mukaona ndi maso anu mwera wayamba, mafunde akukula, nenani "It's going to be rough today", chifukwa umboni uli poyera. Koma ngati mukungoganiza chabe, ndi "I think it will be calm tomorrow."

Chikondi_wa_kunyanja

Zikomo agogo, zikomo achemwali a ku Leeds. Tandiyeseni ndi za mawa: "The boat leaves at nine. We're going to feed the fish eagles on the way back. If it gets windy, we'll come back early." Nanga mlendo akati alibe magalasi oonera pansi pa madzi posambira, ndiziti "I'll find you a mask"?

Gogo_Chalk

Zonse zili bwino, osasintha kanthu. Ya "mask" ija ndi yomweyo, bola mukaipezedi, chifukwa mlendo aitenga ngati lonjezo.